Thumba la Mbewu ya Ellah

Bambo Foster Gwaza anachoka kunyumba kwa abusa ku Landover, ku America, basi yomaliza itapita kale. Sanatsazike munthu.

Abusa anawaitana kuti adzakumane ndi namwino wina wa ku Zambia amene ankafuna kubwereka munda wa Ellah, malemu mkazi wa a Foster, kumudzi ku Mchinji. Azilimitsamo mtedza, uzikagulitsidwa ku Chipata. Nkhani inkayenda bwino mpaka pamene mayiyo anati, "Ine ndine Chansa, mwana wa ba Chabala. Benze kugula nshawa kumunzi kwanu."

A Foster anaika kapu pansi, anavala chipewa, natuluka.

Dzina limenelo silinkatchulidwa pamaso pawo, ndipo odziwa nkhani ankalilambalala ngati dzenje. Chabala anali venda wogula mtedza, wa tsidya lina la malire. Ankabwera ndi sikelo yake nyengo yokolola, kudya nawo m'mbale imodzi, kugona pamphasa yawo. Chaka china anapempha thumba la mtedza wa chalimbana limene Ellah anasungira mbewu, ati akaonetse ogula akuluakulu a ku Chipata, alibweza mvula isanagwe. Mvula inagwa. Anzawo anadzala. Ellah anathera dzinja lonse pa ganyu m'minda ya eni ali ndi pakati, ndipo tsiku lina madzulo anaima pamsewu, nayang'ana ku Zambia, nati, "Thumba limenelo asadzalitule, kufikira wa m'nyumba yanga atamutula." Masika sanawaone, iye ndi mwana yemwe.

A Foster analumbira pamanda kuti dzanja lawo silidzamuthandiza Chabala, ngakhale atamupeza akumira.

Tsono ankayenda m'mbali mwa msewu, manja m'matumba a jekete, mphepo yachisanu ikuluma makutu. Anadutsa nyumba zazitali zosungiramo katundu, zonse zotseka, mathiraki atandandalika kumpanda. Kutsogolo kunali manda, kenako mlatho wa njanji. Njirayi ankaidziwa. Manda a kuno ndi kapinga wometa bwino, sakhala ndi nkhalango, ndipo sanawaopepo.

Atafika pakati pa mpanda wa mandawo anamva kaphokoso kumbuyo. Tseche… tseche… tseche.

Anaima. Nako kanaima.

Anayambanso kuyenda. Tseche… tseche. Khutu la mlimi silisokonezeka: unali mtedza wouma, wosasenda, ukugwedezeka m'thumba.

Anacheuka. Pansi pa nyale ya mumsewu panali munthu. Malaya a manja aafupi, m'chisanu chonsecho. Kumapazi nkhwaira zodzaza dothi lofiira. Pamutu thumba, ndipo khosi linali litalowa m'mapewa.

"Ba Foster," anatero munthuyo. "Nituleniko."

Mawuwo anawazindikira asanaone nkhope. Mtima unawira. Kani mwana uja anamubweretsa kuno bambo wake, n'kumubisa, kuti amutumize m'mbuyo ndi masewero a thumba!

"Chabala."

"Nalema, ba Foster. Nituleniko."

"Mwini mawu anapita. Kamupemphe kumanda."

"Kwamene uko ndiye nachokela," anayankha Chabala mofatsa. "Akuti niyende kuli imwe."

A Foster analavula pansi, natembenuka. Anawonjezera liwiro. Tseche, tseche, tseche. Anawoloka msewu. Nalo phokoso linawoloka. Fungo la nkhokwe yakale, la chinyezi ndi anankafumbwe, linawapeza. Mpweya wawo unkatuluka ngati utsi. Anacheukanso. Pakamwa pa Chabala sipankatuluka kanthu.

Anafika pa mlatho wa njanji uja.

Pansi pa mlatho panali mdima. Analowamo. Phokoso linaleka. Anapuma… Atakweza maso, munthu uja anali kutsogolo kwawo, atatseka njira.

"Nituleniko."

"Choka."

"Gwilani chabe kumozi."

"Ndati choka."

Chabala sanasunthe. Maso ake anali pa dzanja la a Foster, ngati galu woyang'ana fupa. Mkwiyo wa zaka zonse zija unapitirira mantha. A Foster anatulutsa manja m'matumba, nakankha thumbalo ndi mphamvu zawo zonse, kuti wakubayo agwe nalo, aswe mutu pa simenti.

Thumba linachoka pamutu. Silinamveke kugwa.

Chabala anawongola khosi pang'onopang'ono, mafupa akulira. Anapukusa mutu uku ndi uku. Anamwetulira.

"Zikomo, ba Foster. Mwanitula."

Kuwala kwa galimoto kunadzaza pansi pa mlatho. Panalibe munthu. Panalibe thumba.

Galimotoyo inaima, galasi linatsika. Anali Chansa.

"Ba Foster, abusa bakuti nikupelekeni. Ngenani, kuzizila."

"Tengani bambo wanu," anatero a Foster. "Munawabisa kuti? Auzeni munda sindipereka."

Chansa anawayang'ana. Nkhope yake inauma.

"Musaseke na maliro yanga, imwe. Batate banafa nikali ku sukulu. Banabapeza mu kanjila ka mu thengo, pa malile, khosi yothyoka, thumba ikali pa mutu. Amuna banayesa kuichosa, yakana. Tinabaika nayo. Ndiye chifukwa nenze kufuna munda uja. Nibweze mbeu mwamene inachokela. Koma imwe simunafune kumvela."

Anatsegula chitseko mwaukali. "Ngenani."

A Foster anafuna kuyankha, koma china chake chinawakhala pamutu. Cholemera, chokhakhala, chonunkha nkhokwe. Khosi linalowa m'mapewa. Anakweza manja kuti achikankhe, manja anangogwira chipewa.

Anayesa kuwerama kuti alowe. Chinthucho chinagunda denga la galimoto.

Chansa anayang'ana kudenga, kenako kwa iwo. Pang'onopang'ono anakoka chitseko, natseka.

A Foster anaima okha, nayesa kukumbukira wa m'nyumba ya Ellah amene anatsala kuti adzawatule. Panalibe. Anaponya phazi kulowera kwawo.

Tseche.