Otilia ndi Lamulo Lachisanu

Otilia anamuona koyamba pasiteji ya basi ku Bangula, mwezi wa Okotobala m'chaka cha 1979. Mnyamatayo anatsika ndi chigalu chabulauni chomwe chinali wefuwefu ndi kutentha. Otilia anapempha mbale kwa mayi wogulitsa nsomba, nathiramo madzi, n'kuikira galuyo.

"Zikomo, achemwali. Mwayamba ndi galu, mwini chingwe ndifa ndi ludzu," anatero mnyamatayo akumwetulira.

Dzina lake linali Edmund, mlembi wa gulu la ku Nchalo losunga agalu ndi amphaka a mabwana a kuesiteti akapita kutchuthi. Galuyo anamutenga chifukwa ankakana kudya iye akachoka. Otilia anaseka atamva kuti mlendoyo akufunafuna mlembi wa gulu la ku Bangula, losunga ng'ombe ndi mbuzi za amalonda odikira sitima. Mlembiyo anali Otilia yemweyo.

Mlangizi wa ziweto anali atanena kuti katemera ndi mankhwala a dipi azipereka ku gulu limodzi basi, choncho magulu awiriwa anayenera kuphatikizana. Alembiwo anayamba kulemberana makalata. Pamwamba pankakhala za misonkhano, koma m'munsi Edmund ankawonjezera zake. "Duwa langa la ku Bangula, basi ikamaima pano ndimayang'ana aliyense wotsika, ngakhale ndikudziwa kuti sukubwera." Tsiku lina analemba kuti, "Magulu akagwirizana kapena akakanika, ine ndi iwe tagwirizana kale."

Otilia ankabisa makalatawo m'thumba la pilo. Akakumana, ankayenda limodzi mpaka kudooko, iye akumuphunzitsa Chisena, Edmund akulakwitsa dala kuti amve kuseka kwake.

Kutatsala sabata kuti msonkhano waukulu uchitike, ku Bangula kunafika pepala la malamulo a gulu latsopano. Otilia anawerenga mpaka lamulo lachisanu. Linkati membala aliyense akhale wobadwira m'Malawi muno. Bambo ake, a Ignasio, anabadwira ku Mozambiki, ndipo ndiwo anamanga khola loyamba pa Bangula. Theka la gulu lawo linali la anthu otero. Zilembo za papepalalo ankazidziwa bwino, zinali zomwe zija zinkamutcha duwa.

Kodi mawu okoma onse aja anali oti iye agone tulo, anthu a ku Nchalo atenge makola? Analira mpaka maso kutupa. Edmund atabwera Lachinayi, Otilia anaima pakhomo osamupatsa mpando.

"Bwererani, a Edmund. Zimene mumafuna kwa ife ndaziwerenga."

Edmund anafotokoza kuti a Symon, tcheyamani wawo, ndiwo ananena mawuwo, iye anangolemba. Anati anaopa kutsutsana ndi munthu wodziwana ndi akuluakulu a chipani. Otilia anangomufunsa ngati polemba sanakumbukire nkhope ya bambo ake. Kenako anatseka chitseko.

Msonkhano unachitikira m'kalasi yapasukulu ina, anthu ali thukuta kamukamu. Edmund anapatsidwa pepala kuti awerenge malamulo. Atamaliza lachinayi anatsitsa pepalalo, ndipo a Symon anagogoda tebulo.

"Lachisanu sindiwerenga," anatero Edmund. "Ndinalemba ndine, ndipo ndinalakwa. Anthu awa akhala akusunga ziweto kuno ine ndisanabadwe. Ngati iwo alibe malo m'gululi, inenso ndilibe."

A Symon anamulanda pepalalo namuuza kuti ulembi wake wathera pomwepo, atuluke. Koma iye atatuluka, mayi wina wa ku Nchalo, a Dorika, anaimirira n'kunena kuti nawonso amuna awo anabadwira kutsidya, ku Mozambiki. Manja atakwezedwa, lamulo lachisanu linagwa. Magulu anaphatikizana, ndipo mlembi anasankhidwa Otilia.

Otilia anakamupeza Edmund atakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa sukulu, mutu uli m'manja. Anakhala pambali pake.

"Unandipweteka, Edmund."

"Ndikudziwa, wokondedwa. Sindikupempha kuti uiwale."

"Sindiiwala. Koma lero ndamva ndi makutu anga." Anamugwira dzanja, misozi ikutsika.

Sanaone kuti a Ignasio aima kumbuyo kwawo ndi njinga yawo. Edmund anadzambatuka, navula chipewa, n'kuyamba kupepesa. Mkuluyo anamudula mawu.

"Zopepesa wamaliza m'kalasi muja," anatero. "Koma mwana wanga salankhulidwa kuseri kwa sukulu. Uli ndi akuluakulu kwanu?"

"Alipo, bambo."

"Abwere Loweruka. Adzandipeza kukhola."

Anakwera njinga napita. Otilia anabisa nkhope m'chitenje, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.