Ndege Ili M'mwamba, Magalasi Ali Pansi

Kanyerere anali mtsikana wamng'ono. Dzina limeneli anamupatsa ndi amalume ake. Ankati mwanayo sakhala pansi. Ankanena zoona.

Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kugwira rimoti ya ndege.

Ndegeyo inali yaing'ono. Inali yofiira psuu. Anaipanga ndi amalume, okonza mawailesi ndi mafoni. Anaipangira pa tebulo la m'shopu mwawo, pakati pa mawaya. Kanyerere ndiye ankagwira mapiko pomata. Kanyerere ndiye anapaka utoto. Utoto wina unathera pamphuno pake.

Koma rimoti? Ayi ndithu!

"Amalume, ndigwireko," ankatero Kanyerere.

"Udakali wamng'ono."

"Ndingogwira pang'ono."

"Udakali wamng'ono. Ndegeyi ndi imodzi yokha. Ikagwa, yagwa."

Mawu amenewa ankamupweteka Kanyerere. Ankatupa masaya.

Loweruka m'mawa onse anapita ku bwalo la mpira. Amalume ananyamula rimoti. Bambo ananyamula ndege. Amayi ananyamula botolo la madzi. Kanyerere sananyamule kanthu. Ananyamula masaya ake otupa aja basi.

Onse anaima m'mbali mwa bwalo. Amalume anaika ndege pa udzu. Anakonza magalasi awo pamphuno. Rimoti inali ndi tindodo tiwiri. Kamodzi kanali kopatsira moto. Kena kanali kokhotetsera.

Amalume anakankha kandodo ka moto. Ndege inalira, ndiii! Inathamanga pa udzu. Inathamanga, inathamanga, kenako inanyamuka.

"Yapita! Yapita!" anakuwa Kanyerere. Anaiwala zoti wakwiya.

Amalume anakweza mutu. Dzuwa linawalowa m'maso. Mphuno inayamba kuyabwa.

"Etsi!"

Magalasi anadumpha. Anagwera mu udzu.

"Musasunthe, alamu!" anatero bambo. "Ndikutolerani."

Bambo anali munthu wachifundo. Komanso anali ndi nsapato zazikulu. Anaponya phazi kutsogolo.

Phwa!

Kunali zii. Bambo anakweza phazi pang'onopang'ono. Magalasi aja sanalinso magalasi.

"Palibe kanthu," anatero amalume. "Ine ndimaona bwino."

Limeneli linali bodza lamkunkhuniza. Popanda magalasi, amalume sankaona ngakhale chitseko cha nyumba yawo. Koma anatsinzina diso limodzi. Anayang'ana kumwamba. Anayamba kusuntha tindodo.

"Mwaona?" anatero monyada. "Ikumvera bwino. Onani mmene ikukupizira mapiko!"

Kanyerere anawakoka malaya.

"Amalume."

"Usandisokoneze."

"Amalume, ndege yathu sikupiza mapiko. Ameneyo ndi khwangwala."

"Khwaa!" anavomereza khwangwala.

"Mayo ine! Nanga ndege ili kuti?"

"Ili kumbuyo kwanu. Ikupita kusukulu."

Amalume anatembenuka, koma sanaione.

"Bweretsani kuno, alamu," anatero bambo. "Ine ndimayendetsa basi. Basi yathunthu, anthu tho! Nanga kanthu aka kangandivute?"

Bambo analanda rimoti. Anaigwira ngati chiwongolero. Anaipotoza yonse kumanja. Ndege sinamve. Anaipotoza yonse kumanzere. Ndege sinamve. Anapendeka thupi lonse, mwendo umodzi m'mwamba. Ndege sinamvebe.

"Buleki ili pati?" anafunsa bambo.

"Mlengalenga mulibe buleki!" anakuwa amalume.

"Nanga hutala?"

Bambo anakankha kandodo ndi mphamvu. Koma abale! Ndege inatembenuka chagada. Inazungulira. Inalunjika pansi, pamene iwo anaima.

"Gonani!" anakuwa amayi.

Onse anagona pansi. Ndege inadutsa pamwamba pawo, fyuu! Bambo anasiya tindodo chifukwa cha mantha. Ndegeyo inali yofatsa. Ukasiya tindodo, inkadziwongola yokha. Inadziwongola, n'kukweranso.

Pamenepo rimoti inalira. Tii! Tii!

"N'chiyaninso?" anafunsa amayi.

"Batire ikutha," anatero amalume. "Ikatha ndege ili m'mwamba, basi. Titola zidutswa."

Madzi anafika m'khosi. Bambo anapatsa amayi rimoti.

"Ine ayi, bambo a Kanyerere!" anatero amayi. Anaigwira ngati khala la moto. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anaiponya m'manja mwa Kanyerere.

Kanyerere anaigwira. Inali yolemera. Inali yonyowa ndi thukuta la bambo. Ankaifuna kwambiri rimoti imeneyi. Koma tsopano anachita mantha.

"Ili ndi ndani rimoti?" anafunsa amalume.

"Ili ndi ine."

"Iwe? Udakali..."

Tii! Tii!

Amalume anameza mawu otsalawo.

"Chabwino," anatero. "Maso ndi ako. Mawu ndi anga. Tamvana?"

"Tamvana. Koma ine ndili kuno, amalume. Mukulankhula ndi mtengo wa golo."

Amalume anatembenuka.

"Choyamba, rimoti isasunthe. Chala chokha ndicho chisunthe. Pang'ono, ngati ukusisita mwana wa mphaka."

Kanyerere anasuntha chala pang'ono. Ndege inakhota pang'ono. Anasiya. Ndege inawongoka.

"Yamva!" anakuwa. "Amalume, yandimvera!"

"Chachiwiri, mphepo ikuchokera kuti?"

Kanyerere sanadziwe. Amayi anavula mpango kumutu. Anaukweza m'mwamba. Mpango unauluzika, kuloza ku mtengo waukulu wa kumapeto kwa bwalo.

"Ikuchokera kusukulu, achimwene," anatero amayi. "Ikupita ku mtengo."

"Eya. Ndege imatera ikuyang'anizana ndi mphepo. Mphepo ndiyo imaichepetsa liwiro. Ipititse kutali, kupitirira mtengo. Kenako uikhotetse, ibwere."

Kanyerere anaipititsa kutali. Inapitirira mtengo. Anaikhotetsa pang'onopang'ono. Tsopano mphuno ya ndege inkayang'ana kwa iwo.

Ndege inapendekera mbali imodzi. Kanyerere anakankha kumanja. Ndege inapita kumanzere. Anakankha kumanzere. Ndege inapita kumanja.

"Amalume, yapenga!"

"Sinapenge. Ikubwera kwa iwe?"

"Inde!"

"Ndi chifukwa chake. Ikamabwera, kumanja kwake ndi kumanzere kwako. Ifulatire!"

"Ndiifulatire? Nanga ndiiona bwanji?"

"Ucheuke. Thupi liyang'ane kumene ikupita. Maso okha ndiwo acheuke."

Kanyerere anafulatira. Anacheuka. Anakankha kumanja. Ndege inapita kumanja. Zinatheka!

Bambo anaona mwana wawo atafulatira. Nawonso anafulatira. Amayi nawonso anafulatira, mpango uli m'mwamba. Amalume anafulatira ndithu, ngakhale sankaona kanthu. Banja lonse linali chofulatira, makosi atapotoka. Munthu wina wodutsa pa njinga anangopukusa mutu.

"Tsopano chepetsa moto," anatero amalume. "Pang'onopang'ono."

Kanyerere anachepetsa moto. Ndege inayamba kutsika. Koma inatsika mochedwa. Inafika pakati pa bwalo ikadali m'mwamba.

"Ili pati?" anafunsa amalume.

"Yatidutsa. Ili pamwamba kuposa golo."

"Bwalo likuthera. Usaikakamize. Ipatse moto, izungulirenso."

"Ndalephera, amalume!" Misozi inalengeza m'maso mwa Kanyerere.

"Sunalephere. Kuzunguliranso si manyazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ngakhale ine ndimaphonya siteji," anatero bambo.

"Tikudziwa," anatero amayi.

Tii! Tii! Tii! Rimoti inalira mofulumira.

Kanyerere anapukuta misozi ndi phewa. Anaipatsa moto. Ndege inakwera movutikira. Mawu ake anali ofooka. Anaizungulitsa. Anaipititsanso kupitirira mtengo. Anaikhotetsa. Anafulatira. Onse anafulatira.

Ulendo uno anachepetsa moto ndege ikadali kutali. Anailunjikitsa pakati penipeni pa bwalo.

"Ndiuze," anatero amalume.

"Ili molingana ndi mtengo."

"Mapiko?"

"Ali bwino. Sanapendeke."

"Ndiuzenso."

"Ili molingana ndi golo."

"Chepetsanso."

"Ili molingana ndi mutu wa bambo."

"Chepetsanso."

"Ili m'chiuno. Ili m'maondo!"

"Zimitsa moto! Koka kandodo kokhotetsera pang'ono, mphuno ikwere. Pang'ono!"

Kanyerere anakoka pang'ono. Mphuno ya ndege inakwera. Matayala anakhudza udzu. Ndege inadumpha, njo! Bambo anadumpha nawo. Inadumphanso, njo! Amayi anatseka maso ndi mpango. Kenako inagudubuzika pa udzu. Inagudubuzika, inagudubuzika, n'kuima.

Kunali zii.

"Yagwa?" ananong'ona amalume. "Musandibisire. Yagwa?"

"Sinagwe," anatero Kanyerere. "Yatera."

Amayi anakuwa ndi chimwemwe. Bambo anathamanga kukatenga ndege.

"Alamu, nsapato zanuzo!" anakuwa amalume atamva mapazi akuthamanga.

Bambo anaima njii. Anayenda monyang'ama. Ananyamula ndege ndi manja awiri, n'kuipereka kwa amalume.

Amalume anaipapasa. Anapapasa phiko ili. Linali lathunthu. Anapapasa phiko ilo. Linali lathunthu. Anapapasa mchira. Anapapasa matayala. Zonse zinali bwino.

"Kanyerere, uli pati?"

"Ndili pano."

Kanyerere anatambasula manja kuti abweze rimoti. Anaigwiritsa m'manja mwa amalume. Koma amalume anaikankhira kwa iye.

"Ayi," anatero. "Kunyamutsa ndege n'kosavuta. Aliyense angathe. Woyendetsa weniweni ndi amene amaibweretsa pansi. Ndinkati ndiwe wamng'ono. Mawu amenewo ndabweza."

Kanyerere anakumbatira rimoti pachifuwa. Anaseka, misozi ili mbwe mbwe mbwe. Anali asanasangalalepo chonchi.

"Tsono a woyendetsa ndege," anatero amalume, "ndili ndi pempho limodzi."

"Nenani, amalume."

"Munditsogolere kunyumba. Njira sindikuiona."

Bambo ananyamula ndege. Amayi anamanganso mpango wawo. Kanyerere anagwira rimoti ndi dzanja limodzi. Ndi dzanja linalo anagwira dzanja la amalume.

"Kumanja pang'ono, amalume," anatero Kanyerere. "Patsogolopa pali dzenje. Chepetsani moto."

Amalume anachepetsa moto.