Madzi a Kutsidya kwa Msewu

Makina otchedwa chiwerengamano safunsa munthu dzina. Munthu amangoyasama, kachitsulo konga supuni n'kugunda dzino lakumapeto, ndipo pakatha masekondi ochepa galasi limaonetsa mapu okhala ndi kadontho kofiira. Dzino likamakula limasunga mchere wa m'madzi amene mwana ankamwa, ndipo dera lililonse lili ndi mchere wakewake. Pofika chaka cha 2068, makhoti a zaunzika anali atasiya kukhulupirira mapepala, poti mapepala munthu amatha kupeka. Ankakhulupirira mano.

Kadontho ka a Filimoni Nzunga, mlimi wa kabichi wa m'mudzi wa Nsanjiko ku Ntcheu, kanagwera ku Mozambique, mamita mazana atatu kuchokera pamsewu umene ndi malire. Anawapatsa masiku makumi atatu kuti atuluke m'dziko.

Loya wawo anali mayi Esnart Ngozo, amene anayamba ntchitoyi kale, nthawi imene mlandu unkatha ndi kalata ya ubatizo ndi kadi ya kusikelo.

"A Nzunga, kuno kulibe makina, ndiuzeni zoona. Munakulira kuti?"

"Pa Nsanjiko pomwepo, Nangozo. Kutsidya ndimangopitako kukakhala maliro."

"Nanga madzi munkatunga kuti?"

Bamboyo anaseka pang'ono. "Mjigo wathu unafa ine ndisanamere mano. Amayi onse ankaoloka msewu kukatunga pachitsime cha abale athu. Mudzi wonse takula ndi madzi amenewo. Kapena masiku ano madzi akumayenda ndi pasipoti?"

Mayi Ngozo anaona kuti mlandu wapepuka. Anapita ku Nsanjiko n'kupempha anthu makumi anayi a msinkhu wa a Nzunga kuti akayezedwe pamaso pa woweruza. Onsewo anali ndi ziphaso za dziko lino. Wina anapuma pa upolisi, wina anaphunzitsa sitandade wani kwa zaka makumi atatu.

Nankhoma, mkazi wa a Nzunga, sanakondwe nazo. "Ife sanatiitane. Tikukatani kumeneko?"

"Mukangoyasama basi, mayi. Madontho onse akagwera kutsidya, woweruza aona yekha kuti olakwa ndi makina, osati amuna anu."

Anapita pa basi imodzi, atavala zakutchalitchi. M'khoti anafola pamzere, ndipo madontho makumi anayi anagwera malo amodzi, pachitsime chija. Mayi Ngozo anaimirira mtima uli m'malo.

"Bwana woweruza, mphunzitsi uyu ndi mlendo? Wapolisi uyu? Mudzi wonse?"

Woweruza Chiphwanya anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Mayi Ngozo, ndakumvani, mwinanso ndikugwirizana nanu. Koma lamulo silinandipatse mphamvu yotsutsa makina. Ndiponso munthu akangoyezedwa, zotsatira zimapita zokha ku kaundula wa dziko. Panopa zafika kale."

Mafoni anayamba kulira m'mabenchi, ina pambuyo pa inzake. Mphunzitsi uja ndiye anawerengera anzake mokweza, pang'onopang'ono ngati ali m'kalasi: chiphaso chanu chathetsedwa, mwapatsidwa masiku makumi atatu.

Ndime imeneyo ya lamulo mayi Ngozo ankaidziwa. Anaiwerengapo kambirimbiri, akuganiza kuti imakhudza oimbidwa mlandu okha.

Panja Nankhoma anawaima kutsogolo. Sanakweze mawu. "Dzulo ndimati akandichotsera bambowa ndidzikawaona kutsidya, n'kumabwera kudzagona m'nyumba mwanga. Lero nyumbayo ndi ya ndani, Nangozo? Inu munaphunzira, tiuzeni."

"Tichita apilo, mayi."

"Apiloyo tikayasamenso?"

Apilo anaiika miyezi khumi ndi inayi kutsogolo. Masiku makumi atatu atakwana, galimoto ya boma inatula a Nzunga ndi anzawo onse aja tsidya lina la msewu, koma a kumeneko anawabweza, chifukwa iwo ankakhulupirirabe mapepala ndipo a ku Nsanjiko analibe ngakhale limodzi la dzikolo. Anamanga zisakasa m'mphepete mwa phula, pamene ankaona minda yawo ikumera udzu.

Mayi Ngozo anali ataluzapo milandu yambiri pa ntchito yawo, koma aka kanali koyamba kuluza anthu amene panalibe yemwe anawaimba mlandu.