Thumba la Malemu

Mlendoyo anati anzake akuntchito amamutchula Chikhothi, ndipo Nazigamba sanafunse chifukwa, poti chikhothi chakecho chinkafika m'maondo ngakhale dzuwa linkaswa mtengo. Anatula chikwama chachikulu pakhonde n'kuima ngati munthu wosowa poyambira.

"Ndamva kuti mumasoka zofunda za zigamba, mayi. Izi ndi zovala za akazi anga. Anatisiya miyezi yapitayi. Mwana wathu wamkazi sakugona kuyambira pamenepo, wangotsala mafupa okhaokha. Mapiritsi alephera. Ndimati mwina atafunda za mayi ake..."

Nazigamba analandira chikwamacho ndi manja awiri.

Mumsewu umenewo aliyense ankadziwa manja a Nazigamba, n'chifukwa chake anamupatsa dzinalo. Zotsala za atelala, makatani otha, malaya ong'ambika, zonse kwa iye zinkasanduka chofunda chomwe munthu ankachita manyazi kuchigonera. Ankayamba wachapa, n'kusita, n'kudula tizidutswa tofanana, kenako n'kutiyala pansi pabalaza, chakuda pafupi ndi chowala. Koma anali ndi lamulo lake: makolala, matumba ndi malo operepeseka ankaziponya m'dengu la zotaya. "Chofunda chimafuna kusalala," ankatero. "Thumba limakola chala cha kuphazi."

Anachita chimodzimodzi ndi zovala za malemu. Kutacha anapeza dengu lija latsika. Thumba la diresi yobiriwira, lomwe ankakumbukira bwino kuti analiponya pamwamba, munalibe.

"Makoswe a masiku ano ayamba kuyenda ndi matumba," anaseka mwamuna wake, dalaivala wa lole ya njerwa. "Mawa mupeza avala kolala."

Nazigamba sanaseke. M'nyumbamo ankakhala atatu okha: iye, mwamunayo, ndi apongozi ake aamuna, omwe chiwagwireni sitiroko dzanja lamanja linangolendewera ndipo mawu ankatuluka movuta. Kale anali telala, koma mwana wawo, dalaivalayo, anagulitsa makina awo kuti azipumula, ndipo tsiku lonse ankangokhala pampando kuyang'ana khoma.

M'mawa wotsatira Nazigamba analowa pabalaza. Tizidutswa tomwe anatisiya tongoyalidwa anatipeza titalumikizidwa, mzere wathunthu. Sunali msoko wa makina. Unali wapamanja, waung'ono ngati mapazi a nyerere, wopendekera mbali yosazolowereka, koma wolimba moti atakoka sunasunthe. Iye sakanatha kusoka choncho. Pabalaza ponse pankamveka fungo la mafuta odzola a malemu, lomwe sopo analephera kulichotsa.

Analakwitsa n'kuuzako mayi wogulitsa makala wa nyumba yoyandikana nayo. Mayiyo anagwira pakamwa.

"Achemwali, zovala za munthu wakufa mumazidula ndi sizasi? Mwiniwake akubwera kudzazilumikiza. Bwezani zimenezo musanaone zakuda!"

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira msewu wonse. Ena ankati aona mzimayi wovala zobiriwira ataima pawindo la Nazigamba. Ana omwe ankabwera kudzapempha tizingwe ta nsalu tomangira zidole anayamba kudutsira tsidya lina.

Usiku umenewo magetsi anathima. Mdima unali wothithikana moti Nazigamba sankaona ngakhale dzanja lake. Malata ankalira pang'onopang'ono pozizira. Galu wakutali anauwa n'kusiya mwadzidzidzi. Kenako, kuchokera pabalaza, kunamveka chinthu chikukhwekhwereza pansi, kuima, n'kukhwekhwerezanso. Kunatsatira kupuma kolemera, kwa munthu wolimbana ndi chinthu, ndi kaphokoso konyowa ngati wina akuyamwa chala. Patapita nthawi yaitali kunayamba kumveka ulusi ukudutsa m'nsalu: swii... swii...

Anagwedeza mwamuna wake. "Inu, mukumva?"

"Ndikumva," ananong'ona dalaivalayo, nthabwala zonse zitamuthera. Anakokera bulangete kumutu. "Musatuluke, chonde. Mawa chikwama chimenechi chibwerere kwa mwiniwake. Sindikufuna maliro m'nyumba muno."

Kutacha, pakati penipeni pa chofundacho panali thumba lobiriwira lija, losokedwa mbali zitatu, kukamwa kwake kuli kotsegula.

Nazigamba anakhala pansi akuliyang'ana. Mantha anali nawo, koma ankangoona m'maganizo mwake mwana yemwe sanamuonepo, ali maso gwa mumdima. Akabweza chikwamacho, palibe wosoka wina mumsewu umenewo amene akanachikhudza.

"Ndipatseni usiku umodzi wokha," anapempha mwamuna wake.

"Inu ndi mtima wanuwo! Mzukwa ukakufunsani, munene kuti ine kulibe."

Usikuwo sanagone. Anadikira mpaka mwamunayo atayamba kuliza mkonono. Kukhwekhwereza kuja kutayamba, anadzuka natsegula chitseko pang'ono chabe.

Pabalaza pankayaka kachidutswa ka kandulo pambale. Pakhoma panali chithunzithunzi chachikulu cha mutu wowerama, chikugwedezeka. Nazigamba anatsala pang'ono kukuwa. Kenako anaona phazi lomwe limakokedwa poyenda, ndi dzanja lolendewera lija.

Anali apongozi.

Anali atakhala pansi, singano atayibaya pabondo la buluku lawo kuti iime. Ankanyowetsa ulusi pakamwa, n'kuulunjika pabowo ndi dzanja lamanzere, n'kuphonya. Ankanyowetsanso, n'kuphonyanso, mpweya ukutuluka mwamphamvu, thukuta likuyenderera m'khosi. Nazigamba anaima pamenepo mpaka miyendo inachita dzanzi, ulusi usanalowe. Utalowa, nkhalambayo inanyamula dzanja lakufalo n'kulitsamiritsa pansalu kuti isasunthe, ndipo lamanzere linayamba kuyenda. Linkayenda pang'onopang'ono, koma silinkaphonya. Nkhope yomwe masana inkaoneka ngati yozima inali yamoyo, maso ali tcheru, milomo ikuyenda pamodzi ndi singano.

Atamaliza mzerewo anapisa dzanja lawo m'thumba lobiriwira lija, ngati akuyesa ngati mungakwane kadzanja ka mwana, nagwedeza mutu mokhutira.

Nazigamba anabweza chitseko mwakachetechete. Anadziwa kuti akangolankhula, mwamuna wake awaletsa, ndipo abwereranso kukayang'ana khoma.

"Mwauona?" anafunsa mwamuna wake kutacha.

"Ndauona. Ndi mzukwa waulemu, sulimbana ndi munthu. Chofundachi ndimaliza."

Tsiku lomwe Chikhothi anabwera, anachitambasula pakhonde. Maso ake anayenda pa zidutswa zonse mpaka anaima pakati. Anagwada, nagwira thumbalo.

"Mwadziwa bwanji, mayi? Mwana uja akamayenda ndi mayi ake, dzanja lake limakhala muno."

"Si nzeru zanga, bambo," anayankha Nazigamba motsitsa mawu. Pampando paja apongozi ankayang'ana khoma ngati sakumva.

Patapita masiku angapo Chikhothi anadutsa kudzanena kuti mwanayo akugona mpaka kuchita kumudzutsa, dzanja lili m'thumba. Mayi wa makala anamva, koma sanasinthe maganizo: malemu ndiwo anasoka, basi.

Madzulo a tsikulo Nazigamba anayala pabalaza zidutswa za chofunda chatsopano. Dengu la zotaya analisendeza pafupi, naika kandulo yathunthu pambale. Kenako anatenga singano zonse zomwe anali nazo, nalowetsa ulusi mu iliyonse, n'kumanga mfundo kumapeto. Anazibaya pamzere pakatsamiro, cha kumanzere, pomwe dzanja lingafike mosavuta.

"Mugone bwino, bambo," anatero podutsa pakhomo la chipinda chawo.

Usiku umenewo sikunamveke kupuma kolemera kuja. Kunangomveka kukhwekhwereza pang'ono, kenako ulusi: swii... swii...