Mbale ya a Joan

Olivia ankakoleza mbaula pakhonde kukuyamba kuda pomwe fungo lija linafikanso. Linali la nyama yokazinga, koma pansi pake pankamveka kena kake ngati matope ogonera m'ngalande. Posakhalitsa a Joan, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana, anatulukira ndi mbale yovindikira.

"Landira, mwanawe. Wapakati sadya masamba okhaokha."

Ku Manje, chichitikireni namondwe wa Freddy, nyama inali ya pa Khrisimasi, koma kwa a Joan poto ankalira tsiku ndi tsiku. Palibe anawaonapo kubutchala. Anthu ankanong'ona, komabe mbale ikafika ankanyambita mpaka zala. Dyera ndi lonyansa ndithu! Olivia naye ankadya, n'kubweza mbaleyo muli tomato kapena kamchere, poti mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu.

Woyamba kudwala anali Willard, kondakitala wa minibasi. Mimba inamutupa ngati chigubu, akageya anthu n'kumathawa. Adokotala anamutumiza kukaunikidwa, koma anafera pabenchi asanaitanidwe. Amene anasambitsa thupi lake anakana nsima ya pamaliropo.

Kenako Austin, mwamuna wa Olivia, anayamba kusanza zakuda, zonunkha dothi. Kuchipatala chachikulu anamujambula ekisireyi kuti aone chimene chatseka matumbo. Dokotala anakweza chithunzicho powala.

"Bambo, munameza chiyani?"

"Palibe, adokotala."

"Nanga ichi?"

Pakati pa mimba pankaoneka mphete yokhala ndi kamtanda, itavalidwa m'kafupa ka chala. Olivia, yemwe anamuperekeza, anaidziwa. Inali ya mkulu wake Tithokoze, amene matope a Freddy anamukokolola ndipo thupi lake silinapezeke. Anathamangira panja n'kusanza mpaka ndulu.

Atafika kunyumba anatenga mbale ya dzulo lake, yosatsuka, mafuta atagwirana ngati kandulo, n'kukaiponya pamapazi pa a Joan.

"Mfiti inu! Mwatidyetsa Tithokoze!"

A Joan sanakane. Anatola mbaleyo, n'kuyang'ana m'kati, kenako n'kuyang'ana mimba ya Olivia.

"Wabweza yopanda kanthu, mwanawe? Chabwino. Ndidziikira ndekha."

Mawu amenewo anthu anawamva, koma aliyense analowa m'nyumba mwake n'kutseka chitseko. Ndani akanayankhula, onse atadya?

Kutacha, mwana amene ankapunthapuntha m'mimba anangoti zii. Olivia anamwa madzi ozizira, anagona chammbali, anapemphera, koma sizinathandize. Kusikelo namwino anasakasaka mtima wa mwanayo osaumva, ndipo anamutumiza kusikani msangamsanga. Mayi wounika anamupaka mafuta ozizira pamimba, n'kuyendetsa kachipangizo kake uku ndi uku. Anapukuta galasi la makinawo. Anaitana mnzake.

"Mayi, mwati mimbayi ndi ya miyezi ingati?"

"Isanu ndi iwiri. Mwezi watha munandionetsa kamutu ndi timiyendo pomwepa."

"Mwataya magazi?"

"Ayi."

"Chiberekero chilipo, chachikulu bwinobwino. Koma mulibe munthu."

Olivia sanadziwe kuti anakwera bwanji minibasi. Anatsika madzulo, n'kuyamba chitunda cha kwawo atagwira mimba yake yopepukayo. Asanafike n'komwe, fungo linamuchingamira. Nthawi ino linalibe matope. Linali la nyama yanthete.

Kwa a Joan kunali loko, makatani atachotsedwa, mbaula ikufukabe utsi pabwalo. M'nyumba zoyandikana munkamveka kutafuna ndi kulira kwa masupuni, ana akulimbirana msuzi. Pakhomo pa Olivia panali mbale ija, yotsukidwa bwino, yovindikira, ikadali yotentha.