Ndege Yomaliza ya Lachitatu

Namawa anafika pabwalo la ndege thukuta lili kamukamu, chikwama chikumumenya m'miyendo. Mzere wa anthu unali utafika mpaka pakhomo. Ha! Chibadwire anali asanaone chigulu chotere pa ulendo wa Lachitatu.

Kuseri kwa kauntala kunali bambo ake. Ntchito yawo inali yoyeza katundu pasikelo ndi kugawa mipando m'ndege za kampani ya dziko lawo. Ana a ogwira ntchito pakampanipo ankakwera ulere, koma lamulo linali limodzi: mwana akwere pokhapokha mpando ukatsala wopanda mwini.

Mipando ndiye inkatsala. Ndege ya Lachitatu, yopita kudziko lakutali kumene mayi ake ankagwira ntchito ya unamwino, inkanyamuka mipando yambiri ili pululu. Tchuthi chilichonse bambo ankati, "Mwanawe, malo alipo. Kawaone mayi ako."

"Ndipita mawa," iye ankayankha motero, mpaka dzina linamukanirira.

Sikuti unali ulesi ayi. Mayiwo anachoka iye akadali kusukulu yogonera komweko, osamutsanzika, ati poopa misozi yake. Mtsikanayu anasunga chakukhosi. Foni yochokera kwa mayi ikalira, ankathawira kubafa. Bambo ankangopukusa mutu, amvekere, "Koma mwana wanga yekhayu atimalizira sopo m'nyumba muno."

Ndiye tsiku lina bambo anabwera kuntchito nkhope ili yakugwa.

"Kampani ikutseka njira ija," anatero akuvula nsapato. "Akuluakulu akuti ndege ikungonyamula mphepo, mafuta akupsa pachabe. Tiziyendetsa maulendo afupiafupi okha, a mayiko oyandikana nafe. Lachitatu la kumapeto kwa mwezi uno ndilo lomaliza."

"Nanga amayi ndikawaona bwanji?"

"Lero wawakumbuka? Ndege za makampani ena zilipo, koma kumeneko ine ndine yani? Tikiti yake si ya munthu woyeza zikwama. Mayi akonso tchuthi chawo chili kutali."

Namawa anawerengera masiku. Sukulu inali isanatseke, mayeso ali mkati, moti Lachitatu lomalizalo ndilo lokha limene akanatha kukwera. Anatenga foni ya bambo ake n'kulemba uthenga woyamba chichokereni mayiwo: "Ndikubwera Lachitatu."

Tsopano taonani, tsikulo litakwana, aliyense amene ankazengereza ngati iye anatulukira. Amalonda ndi zikwama zawo zotupa, ophunzira, amayi obereka makanda, onse ankafuna ulendo womwewu. Akanakhala kuti ankabwera chonchi kale, bwenzi njira isanatsekedwe.

Namawa anakhala pabenchi yachitsulo pafupi ndi sikelo. Mzere unkafupika pang'onopang'ono. Bambo ankamata mapepala pazikwama, kumwetulira aliyense, koma maso awo sankachoka pakompyuta. Munthu womaliza atadutsa, anamukodola.

"Watsala umodzi," ananong'ona. "Mwini wake sanabwere. Tikangotseka, ndi wako. Ika chikwama pasikelo."

Namawa anachiika. Anali atayamba kale kukonza mawu okawauza mayi ake, apo pakhomo panamveka phokoso.

"Dikirani! Chonde dikirani!"

Anali mkulu wina wa imvi, tayi itapotokera paphewa, akupuma wefuwefu, tikiti ili m'mwamba. Bambo anayang'ana wotchi ya pakhoma. Nthawi inali isanathe.

"Bambo," Namawa anawagwira mkono, "simungowauza kuti achedwa?"

"Sanachedwe, mwanangu. Ndiponso nawo kuli wowadikira."

Anatsitsa okha chikwama cha mwana wawo pasikelo n'kukwezapo cha mkuluyo. "Muyende bwino, bwana," anatero.

Namawa anakaima pazenera lalikulu. Anaona ndege ikukankhidwa chambuyo, ikutembenuka, kenako ikuthamanga mpaka kulowa m'mitambo. Analira, osasamala kuti anthu akumuona. Sankalirira mpando wa lero wokha. Ankalirira mipando yonse ija imene inapita yopanda munthu iye ali kubafa, akudzitama kuti akuwakhaulitsa mayi ake.

Bambo anabwera n'kuima pambali pake. Sanamudzudzule. Foni yawo inalira m'thumba, ndipo atayang'ana amene akuimba, anamupatsira.

"Amayi," anatero Namawa, "ndine."

"Mwana wanga!" mawu a mayi anali odzaza chimwemwe. "Ndimati ndifunse bambo ako ngati wanyamuka bwino. Sunakwerebe? Ine ndapempha tsiku kuntchito, chipinda ndakonza kale. Ndakugulira jekete poti kuno kukuzizira, kaya ikukwana, pajatu sindikudziwa kuti watalika bwanji. Akupatsa mpando wa pazenera?"