Nkhuku Yokanidwa

Dailes Jere anachoka kwa mng'ono wake Edna dzuwa litalowa kale, ndipo anachoka mwamwano. Achibale anachita kumugwira chitenje kuti agone konko, iye toto. Mayi ameneyu musamuonere kugwada kwake pa Misa ku Nzama, kapena upampando wake wa mphakati. Akasunga chakukhosi, amachisunga ngati mbewu.

Chakukhosicho chinali ndi mutu wake. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, pa maliro a mwana wa Edna, Ednayo analoza Dailes chala anthu onse akuona, n'kunena kuti ndiye wadya mwanayo. Tsopano Edna anali gone pamphasa, achipatala atamubweza kuti akadikirire kunyumba. Madzulo amenewo anauza mwamuna wake kuti agwire nkhuku ya chipepeso, iye n'kutambasula dzanja lake lowondalo.

"Achemwali, landirani. Ndinakulakwirani."

"Mfiti silandira nkhuku," anatero Dailes, uku akutuluka.

Njira ya kwawo inkadutsa m'minda ya kachewere, n'kutsetserekera pa kamlatho ka mitengo, kutsidya kwake kuli manda. Chisanu cha mu Juni chinkaluma makutu. Tochi ya pafoni inangoti phethi phethi, n'kuzimiratu. Dailes ankayenda akunyinyirika yekha: kodi iye ndi mngelo kuti azingokhululuka? Aidye yekha nkhuku yakeyo!

Atangoponda mlatho, anamva mapazi kumbuyo. Tchofu... tchofu... ngati munthu wovala jombo zodzaza madzi. Anaima. Mapaziwo anaimanso. Anayenda. Tchofu... tchofu...

Anacheuka. Ha! Munthu!

Anali bambo wamtali, wovala chijasi chakale cha anthu a ku migodi. Madzi ankayenderera m'chijasicho, chonsecho mvula inali italeka mu Epulo. M'khwapa anapanira nkhuku. Nkhukuyo inali zii, osaphupha n'komwe.

"Zikomo, mayi," anatero mwaulemu. "Ndilandireniko nkhukuyi. Manja atopa."

"Ndinu ndani, bambo?"

"Ndinapita kukapepesa. Ananditsekera chitseko. Ndimapitabe... koma sichitseguka."

"Kwa ndani?"

"Kwa a Duncan Jere. Inu mwafanana nawo kamwa."

Tsitsi linamuyimirira. A Duncan Jere anali bambo ake omubereka, ndipo anagona m'manda akutsidyawo zaka khumi zapitazo. Mantha anamugwira zenizeni. Anayamba Atate Athu mothamanga, koma atafika pa mawu a kukhululukirana, lilime linakana. Anabwereza. Linakananso.

Bambo uja anasendera. Tchofu. Anatambasula manja. Nthenga zinakhudza mkono wa Dailes... zonyowa... zozizira ngati mtembo!

Mayo! Liwiro lake, nsapato zinatsala pamlatho. Anadutsa manda osayang'ana kumbali. Minga, miyala, zonse anangoponda. Patsogolo anaona moto: pachigayo, pamene mlonda wake, bambo Allan Ngozo, ankawotha. Anakagwera pamapazi pawo, wefuwefu.

"Mayi Jere, kwagwanji usiku uno?"

Dailes anafotokoza modukizadukiza za chijasi, za madzi, za nkhuku ndi dzina la bambo ake. A Ngozo anavula chisoti chawo n'kuchiika pabondo.

"Ameneyo ndi Elson Maseko," anatero motsitsa mawu. "Anali limodzi ndi bambo anu ku migodi ya ku Joni. Anawanamizira kuba, bambo anu mpaka anachotsedwa ntchito. Patapita zaka chikumbumtima chinamupweteka, ananyamula nkhuku kukapepesa. Bambo anu anam'bweza pakhomo, chimvula chili pakati. Pobwerera mtsinje unali utadzaza, unam'kokolola pamlatho pomwepo. Tinam'peza patatha masiku awiri, nkhuku idakali m'khwapa. Manda ake ndinakumba nawo ine, mu 1994."

Dailes anayang'ana mkono wake. Unali wonyowabe. Anayang'ana kumene anachokera, mdima uli bii. Njira yopita kwa Edna inali imodzi yokha, yodzera pamlatho womwewo.

Anadzuka, n'kumanga chitenje chake mwamphamvu, misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo Ngozo, chonde tengani nyali mundiperekeze. Ndikufuna ndikam'peze Edna akupumabe."